Chilembo Chimodzi cha Lirangwe

Lolemba 7 koloko m'mawa, chitseko cha depoti ya nandolo pa Lirangwe chinapezeka chotsegula, loko ali pansi. Matumba onse analipo. Sikelo inalipo. Chinasowa ndi laputopu ya kampani basi.

Bwana wa depotiyo, a Wilkins Nambazo, sanachedwe kuloza chala.

"Ndi mlonda uyu. Angakhalenso ndani?"

Pofika masana a Mackson Jailosi, bambo wa zaka 61, anali m'chitokosi. Munthu woti walondera pamalopo zaka khumi osasowetsa ndi singano yomwe. Mlandu wawo unali wolowa m'khoti Lachisanu.

Nkhani itafika ku ofesi yaikulu ya kampaniyo ku Chileka, Tawina, woyang'anira makompyuta, anakana kwamtuwagalu zoti a Mackson angabe. Anaimbira Sajeni Chisoni Kaliwo, wofufuza mlanduwo.

"Laputopu zathu zikangogwira intaneti zimajambula amene wayatsa, n'kutumiza fayilo kuno. Fayiloyo imabwera ndi dzina la depoti."

"Ifika liti?"

"Wakubayo akayatsa."

"Ndiye mukhala mukuyang'ana pa sikirini mpaka Lachisanu?"

"Ayi. Ndiika mlonda wanga."

Mlonda wakeyo anali kasikiripiti, kapulogalamu ka pakompyuta ka mizere isanu. Ntchito yake inali imodzi: kusuzumira m'foda, kuona ngati fayilo yotchedwa lirangwe yafika. Ikakhala kuti palibe, kagone masekondi khumi, kadzuke, kasuzumirenso. Ikapezeka, kalize foni ya Tawina.

Lachiwiri, zii. Lachitatu, zii. Foni inalira kawiri kokha, mayi ake ndi uthenga wotsatsa mabando a intaneti.

Lachinayi 2 koloko masana, Sajeni Kaliwo anatulukira ku Chileka nkhope ili gwa.

"Achikulire aja dzulo anakomoka, ali ndi shuga. Mawa 9 koloko ali m'khoti. Mwapeza chiyani?"

Tawina anawatembenuzira sikirini. Mzere uliwonse unkanena chimodzimodzi: sinafike, sinafike, sinafike. Sajeni anawerama n'kuwerenga pamwamba pang'onopang'ono, chala chili pagalasi.

"Mwalemba Lirangwe ndi R."

"Ndi mmene amalembera."

"Pa chikwangwani cha pamsewu, inde. Koma ine ndimawerenga masitetimenti tsiku ndi tsiku, achemwali. Theka la anthu akumeneko amalemba Lilangwe. Laputopuyo anaipatsa dzina ndani?"

Tawina anakumbuka. Anaipatsa dzina ndi iye mwini, zaka ziwiri zapitazo, atangoyamba kumene ntchito.

Anatsegula foda ija yekha. Fayilo inali pomwepo: lilangwe. Inafika Lachiwiri, 10 koloko m'mawa. Masiku awiri ili phee, kasikiripiti kakuidutsa ngati mlendo, poti kanauzidwa za R. Kompyutatu siiganiza, imangomvera.

Chithunzi chinatseguka. Nkhope ya a Wilkins Nambazo, magalasi ali pamphuno. Kumbuyo kwawo khoma lodzaza ndi makava a foni, ndi dzina la kashopu kokonza mafoni pa Mdeka.

"Eee," anatero Sajeni. "Bwana mwini."

Pofika 4 koloko apolisi anali pa Mdeka. Laputopu anaipeza pansi pa kauntala. Mwini shopu sanalimbe.

"Anati ndifufute zonse, kenako ndiwapezere wogula."

A Nambazo anawapeza 5 koloko akutseka depoti ndi loko watsopano.

"Ndinangoibwereka, bwana. Ndimati ndibweza."

"Kwanu mumabwereka pothyola loko?"

Unyolo unalira, khwatcha.

A Mackson anatuluka dzuwa lisanalowe, nsapato zili m'manja. Mkazi wawo anangokhala pansi pakhonde la polisi n'kuyamba kulira. Tawina anaima patali, kenako anasendera n'kugwada.

"Bambo, mundikhululukire. Mukanatuluka Lachiwiri. Ndinaphonya chilembo chimodzi."

"Chilembo?"

"Chimodzi chokha. Masiku awiri enawa mwagonera ine."

A Mackson anamuyang'ana. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu wotopa, misozi ikulengeza.

"Dzukani, mayi. Ine zilembozo sindizidziwa ndi chimodzi chomwe. Ndinkaona ngati palibe akundifunafuna."