Aliness ndi Chimbale cha Amayi

Aliness ankakhala ku Nkhulambe, m'munsi mwa phiri. Anali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake anali Elton. Aliness ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Elton adye.

Elton sankadya. Ntchito yake inali kulira. Ankalira m'mawa. Ankalira masana. Ankalira madzulo. Kamwana kochepa chotero, koma mawu ake ankamveka mpaka kumjigo!

Elton ankalirira amayi. Amayi anali kuchipatala, ku chidikiro. Ankadikira kubadwa kwa mwana wina. Kuchipatalako kunali kutali. Abambo okha ndi amene ankapitako pa njinga, kukapereka chakudya.

Pakhomo panatsala azakhali a Margret. Iwo ndi amene ankasamala anawo.

Azakhali anaphika phala. Elton anakana.

Azakhali anaphika mbatata. Elton anakana.

Azakhali anasenda nthochi. Elton anaiponyera nkhuku.

"Amama," ankatero Elton. "Ndikufuna amama."

Masaya a Elton anayamba kulowa. Aliness anada nkhawa kwambiri. Nayenso ankawasowa amayi, koma ankangolirira mumtima.

Tsono m'nyumbamo munali chimbale cha nyimbo. Amayi ankaimba kwaya kutchalitchi. Chaka chatha kwayayo inapita ku Blantyre kukajambula nyimbo. Aliyense wa m'kwaya analandira chimbale chake. Amayi anabwera nacho chimodzi. Chimodzi chokha. Anachisunga m'dengu la nsalu zawo. Pakhomopo panalibe choimbira zimbale.

Aliness anaganiza. Anaganizanso. Kenako anadzuka.

"Elton akamva mawu a amayi, mwina adya," anadziuza yekha.

Anathamangira kwa amalume a Goodman. Amalumewo ankapalasa kabaza. Kunyumba kwawo kunali wailesi yoimba zimbale.

"Amalume, tibwerekeniko wailesi yanu," anapempha Aliness. "Ndikufuna Elton amve mawu a amayi."

"Tiye," anatero amalume. "Ine ndinyamula wailesi. Iwe unyamule mawaya."

Atafika, azakhali analoza pansi, pafupi ndi ndowa ya madzi.

"Ikani apo," anatero azakhali. "Ndi pozizira bwino."

"Apo ayi, mlamu," anatero amalume. "Wailesi ndi madzi sizigwirizana."

"Nanga pakhonde?"

"Dzuwa liiwotcha."

"Nanga kukhitchini?"

"Utsi uitseka kukhosi."

"Koma wailesi yanuyi ndi yonyada," anatero azakhali. "Ikuposa mkwatibwi."

Aliness anaseka. Anapukuta tebulo la pabalaza. Pamenepo panalibe madzi. Panalibe dzuwa. Panalibe utsi. Amalume anaika wailesi patebulopo.

Pansi pa tebulo panali batire. Batireyo inkadzadza ndi sola ya padenga. Amalume anapukuta manja awo. Analumikiza waya wofiira. Analumikiza waya wakuda.

"Mawaya ndi a akuluakulu," anatero amalume. "Iwe usagwire. Elton asagwire."

"Ndamva, amalume," anatero Aliness.

Amalume anadina batani. Kanyale kanayaka pang'ono. Kenako kanazima.

"Batire yatha moto," anatero amalume. "Dikirani dzuwa liidzadze. Madzulo iimba. Ine ndikupita ku ntchito. Mlamu, bwerani ndikuonetseni kayatsidwe kake."

"Za mabatani ine ayi," anatero azakhali. "Muuzeni mwanayu."

Choncho amalume anamuonetsa Aliness. Anamuonetsa batani lotsegulira. Anamuonetsa batani loimbira. Anamuonetsa pokwezera ndi potsitsira mawu. Mkati mwa wailesi munali kagalasi kakang'ono ngati diso la nsomba.

"Aka ndi kamene kamawerenga nyimbo," anatero amalume. "Usakagwire. Usakasuzumire. Ukangoika chimbale, tseka."

Anamuonetsanso kagwiridwe ka chimbale.

"Uzigwira m'mbali. Kowalako usaikeko zala. Nyimbo zimakhala kumeneko. Kukakalika, nyimbo zatha."

"Nanga kukada?" anafunsa Aliness.

"Kansalu kofewa ndi timadzi toyera. Uziyambira pakati kupita kunja. Chimbale chakuda chisalowe m'wailesi."

Amalume anakwera njinga yawo n'kumapita.

Aliness anatulutsa chimbale m'dengu. Anachigwira m'mbali. Chinkawala mitundumitundu. Anachiika patebulo, pafupi ndi wailesi. Kenako anatuluka kukaona dzuwa.

Koma dzuwa la tsiku limenelo! Linkayenda ngati silikufuna. Aliness analiyang'ana. Analiyang'ananso. Linali pomwepo.

M'nyumbamo azakhali anayesanso kumudyetsa Elton phala. Elton anamenya mbale. Phala linadzadza m'manja mwake. Azakhali anatuluka kukatunga madzi omusambitsa.

Elton anatsala yekha. Anaona chinthu chowala patebulo. Anakwera pampando. Anachitenga ndi manja onse awiri. Anachisisita. Anachinyambita. Anachisisitanso.

Aliness atalowa, anaona chimbale chili m'manja mwa Elton.

"Elton, ndipatse," anatero mofatsa.

Elton anapereka. Koma chimbalecho! Kowala kuja kunali phala lokhalokha. Phalalo linali litayamba kale kuuma.

Aliness anafuna kulira. Chimbale chinali chimodzi chokha. Mawu a amayi anali kunsi kwa phalalo.

Azakhali anabwera. Anachiona. Sanadandaule n'komwe.

"Zimenezi ndi zolirira?" anatero. "Bwera nacho kuno. Ndichikwecha ngati mapoto."

Tsono azakhali a Margret pa nkhani yokwecha mapoto analibe mnzawo. Ankakwecha ndi mchenga. Ankakwecha ndi phulusa. Mapoto awo ankawala mpaka munthu kudziona nkhope. Mudzi wonse unkadziwa zimenezo, ndipo azakhali ankanyadira.

Anatenga chimbale m'manja mwa Aliness. Anapita nacho kuseri, kotsukira mbale. Anakhala pansi. Anatapa mchenga. Anatapa phulusa.

"Ndikachikwecha ine, chiwala kuposa kale," anatero.

Aliness anachita mantha. Mchenga umakala. Kowalako kukakalika, nyimbo zatha. Koma mwana angawaletse bwanji azakhali ake? Angalande chinthu m'manja mwa munthu wamkulu? Ayi, zimenezo sizichitika.

Dzanja la azakhali linali litayandikira chimbale.

Aliness anagwada.

"Azakhali, pepani. Dikirani pang'ono."

"Ndidikire chiyani?"

"Amalume anati mchenga umapha nyimbo."

"Amalume akowo anakwechapo poto?" anafunsa azakhali. "Ine ndinayamba kukwecha iwe usanabadwe."

"Ndi zoona, azakhali. Koma tiyese kaye pa china."

"China chake chiti?"

"Ndikubwera nacho pompano. Chonde musayambe."

Aliness anathamanga. Kuseri kwa nyumba kunali munda wa mapira. M'mundamo abambo anamangirira zimbale zakale pa zingwe. Zinali zimbale zakufa, zotola kumsika. Zinkazungulira ndi mphepo n'kumawala, ndipo mbalame zinkathawa.

Aliness anadumpha. Anamasula chimodzi. Anabwerera akupuma wefuwefu.

Azakhali anali asanayambe. Mchenga unali m'manja.

"Nachi," anatero Aliness. "Dziyang'anireni kaye."

Azakhali anadziyang'ana. Anaona maso awo. Anaona mphuno yawo. Anakonza duku lawo.

"Ndikuoneka bwino," anatero.

"Tsopano kwechani."

Azakhali anaika chimbale cha amayi pambali. Anayamba kukwecha chakale chija. Kweche, kweche, kweche. Anathira phulusa. Kweche, kweche, kweche. Anatsukuluza ndi madzi.

"Dziyang'anireninso," anatero Aliness.

Azakhali anadziyang'ana. Maso sanaoneke. Mphuno sinaoneke. Duku silinaoneke. Chimbale chonse chinali mizeremizere, chambuu ngati chifunga cha paphiri.

Azakhali anachiyang'anitsitsa. Anachitembenuza uku. Anachitembenuza uko. Kenako anagwira pakamwa.

"Mayo ine," anatero. "Ndikanawapha mawu a mayi ako."

Anataya mchenga uja. Anasamba m'manja. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi duku lawo lopitira kutchalitchi. Linali loyera ndi lofewa.

"Ili lingathandize?" anafunsa.

"Lithandiza, azakhali."

"Ndiye pukuta wekha. Ine manja angawa ndi a mapoto."

Aliness anagwira chimbale m'mbali. Ananyowetsa kansonga ka duku. Anapukuta kuyambira pakati kupita kunja. Pang'onopang'ono. Pakati kupita kunja. Pakati kupita kunja. Phala linafewa. Phala linachoka.

Kenako anapukuta ndi mbali youma ya duku. Anachikweza m'mwamba. Chinawala mitundumitundu. Nkhope yake inaoneka. Nkhope ya azakhali inaonekanso pambali pake.

Pa nthawiyo dzuwa linali litapendeka. Elton anali atayambanso kulira. Mawu ake anali atasasa.

Aliness anaumitsa manja ake. Anadina batani. Kanyale kanayaka, ndipo sikanazime. Anatsegula wailesi. Kagalasi kaja sanakagwire. Anaika chimbale, kowala kuyang'ana pansi. Anatseka. Anatsitsa mawu kuti Elton asadzidzimuke. Ndiyeno anadina batani loimbira.

Chimbale chinazungulira. Panali zii.

Aliness anatchera khutu. Azakhali anatchera khutu.

Kenako ng'oma inalira. Du, du, du! Amayi ambiri anayamba kuimba pamodzi. Ankaimba n'kumaomba m'manja.

Elton anapitiriza kulira.

Aliness anamva chisoni. Kodi ntchito yonse ija inali yachabe?

Koma mwadzidzidzi amayi ena onse aja anasiya. Panatsala mawu amodzi okha. Anali mawu oonda, okwera, okoma.

"Kwacha, kwacha, tadzuka amoyo. Bwerani tiyamike."

Anali amayi.

Elton anasiya kulira. Pakamwa pake panatsala yasa. Anayang'ana kuchitseko. Kunalibe munthu. Anasuzumira kuchipinda. Kunalibe munthu. Anayenda mpaka patebulo.

"Amama," anatero.

"Eee, ndi amama," anatero Aliness.

"Ali umu?"

Elton anatambasula dzanja kuti atsegule wailesi. Aliness analigwira mofatsa.

"Osagwira, Elton. Amama ali kuchipatala. Umu muli mawu awo. Khala apa uzimvera."

Anamunyamula n'kumukhazika pamwendo pake. Elton anatsamira pachifuwa pa Aliness. Amayi ankaimba. Elton ankamvera.

Azakhali anatuluka mwakachetechete. Anabwera ndi phala lina, lofunda, lothira nsinjiro. Anapereka mbale kwa Aliness.

Aliness anatapa ndi supuni.

"Amama aziimba, iwe uzidya," anatero.

Elton anayang'ana supuni. Anayang'ana wailesi. Anayang'ananso supuni.

Anatsegula pakamwa.

Anameza. Anatsegulanso. Anameza. Anatsegulanso.

Azakhali analulutira. Ananyamuka n'kuyamba kuvina, poto ali m'manja. Ana a nyumba zoyandikana anadzadza pakhomo. Nawonso anayamba kuomba m'manja.

Nthawi yomweyo abambo anatulukira pa njinga, kuchokera kuchipatala. Anamva mawu a akazi awo ali panjira. Analowa m'nyumba ali odabwa.

"Kodi amake Aliness andipitirira panjira?" anafunsa.

Onse anaseka.

"Ndi chimbale, ababa," anatero Aliness. "Onani mbale ya Elton."

Abambo anayang'ana. M'mbalemo munalibe kanthu. Anamunyamula Elton. Anagwira kamimba kake. Kanali kokhuta.

"Wadya zonsezi?"

"Zonse," anatero azakhali. "Ntchito ya mwana wanuyu."

Abambo anakhala pansi. Anamukokera Aliness pafupi.

"Mayi ako sagona tulo poganizira Elton," anatero. "Mawa ndikawauza kuti wadya. Ndikawauzanso amene wamudyetsa."

Aliness anasangalala kwambiri. Misozi inatuluka, koma ankaseka.

Nyimbo inatha. M'nyumba munali zii.

Elton anatsika pamwendo pa abambo. Anatola mbale yake. Anapita nayo kwa azakhali.

"Phala lina," anatero.

Kenako anatembenukira kwa Aliness. Analoza wailesi.

"Amama aimbenso."

Aliness anadina batani, ndipo amayi anayambanso kuimba.