Amayi a Yema Anafika ku Kumasi

Linali Lachisanu, tsiku limene tinalemba pepala lovutitsitsa la zamankhwala. Titafika kuhositelo kwathu ku Ayeduase, Yema anavula nsapato pakhomo n'kudziponya pabedi.

"Baindu, lero tikavine," anatero. "Mutu wangawu wadzaza mayina a mapiritsi, ukhoza kuphulika."

Ine ndi Yema tinachokera limodzi ku Bo, ku Sierra Leone, kudzaphunzira ku Kumasi. Zaka zinayi chipinda chimodzi, poto mmodzi. M'nyumba yonseyo olankhula Chimende tinalipo awiri basi, moti Aghana tinkawajeda ali pompo, uku tikuwamwetulira.

Koma pofika Lachisanu limenelo ndinali nditamunamiza masiku asanu ndi anayi.

Amalume ake, a Moinina, anaimbira ine osati iye.

"Mwana wanga, uli wekha? Amayi a Yema atisiya m'mawa uno. Tikuika madzulo ano. Usamuuze. Amalize kaye mayeso."

"Amalume, ndimagona naye chipinda chimodzi. Ndizimuyang'ana bwanji?"

"Ndi maso akowo. Zaka zinayi zisalowe m'madzi chifukwa cha milungu iwiri. Kapena ukufuna iye alephere, ukhoze wekha?"

Ndinangoti chabwino. Ndikanati chiyani? Ndi mmene timachitira kwathu: mwana akakhala kunja pasukulu, maliro amamubisira mpaka atatula cholembera. Ena amakamvera pabwalo la ndege, chikwama chili m'manja. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa ndinawagoneka masiku asanu ndi anayi ndipo ankangonunkhabe kuwola.

Foni ya malemu anaitenga mng'ono wake wa Yema, n'kumatumiza timauthenga: netiweki yavuta, limbikira kuwerenga mwana wanga. Yema ankadabwa.

"Amayi ayamba liti kulemba? Amayi anga omwe aja, oti akaimba amakuwa ngati ndili kutsidya kwa mtsinje?"

"Akuphunzira, asiye," ndinkatero ine, maso ali m'buku.

Ndiye atati tikavine ndinavomera msanga. Ndinkati aiwaleko za foni. Anavala diresi yake yofiira, ine anandibwereka ndolo.

Kumalo ovinirako tinapeza anyamata a ku Nigeria a m'kalasi mwathu atafika kale.

"Atsikana a ku Sierra Leone alowa! Bisani mpunga!"

"Inu bisani nkhope," anayankha Yema, bala yonse n'kuseka.

Anavina mtsikana uja. Anthu anamupatsa bwalo, iye ali pakati, thukuta lili kamukamu. Ndipo ine, abale inu, ndinkamuombera m'manja. Ndinkakuwa dzina lake. Amayi ake ali m'dothi sabata yathunthu ndi masiku awiri, ine ndikukuwa kuti tsika nayo Yema, tsika nayo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimadzida.

Tinatuluka cha m'ma 2 koloko. Maminibasi anali atasiya kuyenda ndipo magetsi anali atazima dera lonse. Tinagula nthochi zokazinga za tsabola kwa mayi wina wapamphambano, n'kuyamba kutsika kamsewu kafumbi kopita kwathu. Yema anali atamwa mabotolo atatu, ankaimba.

Kenako ndinamva mapazi kumbuyo.

Pha. Khweee. Pha. Khweee.

Patapata, phazi limodzi loponda, linalo lokoka.

Amayi a Yema anagundidwa ndi njinga yamoto tili kusekondale, ndipo mwendo wakumanzere sunawongokenso. Kuyenda kumeneko ndinakulira nako. Tinkakumva ali kutali n'kubisa mango obedwa.

Ndinacheuka. Kumtunda kwa msewu kunali mayi wamfupi, nsalu yoyera, beseni pamutu. Nkhope sinkaoneka. Ndinaima, nayenso anaima.

"Ukuyang'ana chiyani?" anafunsa Yema. "Wasiya mtima kwa wa ku Nigeria uja?"

"Palibe. Fulumira."

Tinayenda. Pha. Khweee.

Yema ananunkhiza m'mwamba. "Wina akuphika chigwada. Usiku uno? Ku Kumasi kuno?"

"Waledzera iwe."

Koma fungolo nanenso ndinalimva. Chigwada cha mafuta ofiira ndi nsomba yowamba, chakwathu chenicheni, chimene kuno sachidziwa n'komwe kuphika kwake. Ndinamugwira dzanja n'kumukoka.

Pageti mlonda wathu, bambo Atinga, anatiunika ndi tochi. "Madokotala athu abwera. Odwala afa kalekale." Anatseka geti, ndipo ndinadikira mpaka nditamva loko akulira.

Chipinda chathu chinali pamwamba penipeni. Yema anagona ndi diresi yomwe, nsapato imodzi ili kuphazi. Ine ndinakhoma chitseko, ndinakhala pabedi, osavula.

Kunali zii. Ngakhale majenereta a anthu olemera a kuseri kwathu anali atazimitsidwa.

Ndiye masitepe anayamba. Pansi penipeni. Pha. Khweee. Pang'onopang'ono, ndi kupumira pokhota paliponse. Anadutsa nsanja yoyamba. Anadutsa yachiwiri. Ndinkapemphera kuti akhale mtsikana wina woledzera. Mapazi aja anadutsa zitseko zinayi za anzathu n'kuima pa chathu. Ndinamva beseni likutulidwa pansi, ndi kampweya ka munthu wotopa.

Sanagogode. Kwathu timaodira pakamwa.

"Odi kuno."

M'Chimende.



"Baindu. Ndikukumva kupuma, mwanawe. Mwana wanga ali momwemo?"

"Ali momwemu, amayi." Sindidziwa kuti mawuwo anatuluka bwanji.

"Mudzutse."

Ndinayang'ana Yema. Anali chigonere, kukamwa kuli yasa.

"Wagona, amayi."

"Ndatopa, Baindu. Onse andilira. Azakhali ake andilira, mng'ono wake wandilira, ngakhale anzanga a kumsika. Watsala iye yekha. Ndipita bwanji mwana wanga woyamba asanandilire? Ndaima panjira masiku onsewa ndi mwendo umenewu. Mudzutse."

Mawu ake sanali oopsa ayi. Anali omwe aja ankatiitanira kudzadya. Chimenecho ndicho chinandiopsa.

Ndikanatha kutambasula dzanja n'kumugwedeza Yema. Mabedi athu anali oyandikana. Koma m'mutu mwanga munali a Moinina ndi funso lawo lija. Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinauza mayi wakufa kuti:

"Amayi, mapepala atsala awiri okha. Lachinayi timaliza. Dikirani pang'ono."



"Nawenso, Baindu?"

Sindinamve mapazi akutsika. Fungo lija linakhalabe m'chipindamo mpaka kumzikiti ataitana. Kutayera ndinatsegula chitseko. Panalibe munthu, panalibe beseni.

Cha m'ma 8 Yema anadzuka ndi mutu, n'kuti titsike tikagule buledi ndi mazira. Pageti bambo Atinga anali asanaweruke.

"Yema, mlendo wako wagona bwanji? Mwana woipa iwe, amayi ako akubwera ulendo wonsewo iwe uli kovina?"

"Amayi ati?"

"Aafupi, otsimphina mwendo uwu, ali ndi mpata m'mano ngati wakowo. Afika inu mutangolowa. Chilankhulo chawo sindinachimve, koma amatchula dzina lako, akuloza m'mwamba. Ndinawatsegulira. Ndimati ndiwanyamulire beseni, anakana."

"Atuluka nthawi yanji?" ndinafunsa ine.

"Sanatuluke. Kiyi ali m'thumba mwangamu."

Yema anakuwa. Koma kunali kukuwa kwa chimwemwe.

"Ndiye chifukwa chake samaimba! Anali panjira! Baindu, umadziwa eti? Mfiti iwe, umadziwa!"

Anandipsompsona patsaya n'kuthamangira m'mwamba. Ndinkamumva akumenya zitseko za anthu, akutsegula kubafa, kukhitchini, mpaka padenga poyanika zovala. "Amayi! Tulukani, ndakugwirani! Amayi!" Atsikana ena anatuluka ndi misuwachi kukamwa, akuseka naye, akumuthandiza kufunafuna.

Ndinamupeza padenga paja, akusuzumira kuseri kwa thanki yamadzi. Ndinamuuza pomwepo, nditaimirira. Tsiku, nthawi, amene anaimba, amene ankalemba mauthenga. Ndi za usiku zomwe.

Anandiyang'ana. Ndinkadikira kuti agwe pansi, andimenye, alire. Ndinkafuna alire.

"Anakupempha kuti undidzutse?"

"Eya."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati adikire Lachinayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana diresi yofiira imene anali adakavalabe.

"Unandivinitsa, Baindu."

Misozi sinatuluke. Anatsika, analongedza mabuku ndi zovala, ndipo pofika masana anali atakwera takisi kusamukira kwina. Mapepala awiri aja analemba, atakhala kutsogolo, osacheuka. Anakhoza kuposa tonse. A Moinina anandiimbira kundithokoza, ati ndine mwana womvera, Mulungu andidalitse. Za Lachisanu lija sanazimve. Ndinadula foni asanamalize madalitso awo.

Kuhositelo nkhani inayenda. Ena ankati bambo Atinga anasuta zosutazo. Mayi wa nthochi uja anauza atsikana kuti nayenso anawaona amayi a Yema usiku uja, ndipo kuti wakufa akabwera ndi chakudya n'kubwezedwa pakhomo sabwerera kwawo. Atsikana a zitseko zinayi zija anasamuka mmodzimmodzi mwezi usanathe.

Yema ku Bo sanapite. Anauza abale ake kuti poti anatha kuika amayi popanda iye, amalizenso zotsalazo popanda iye. Mnzathu wina anandiuza kuti ali kumpoto, pachipatala china, ndipo palibe anamuonapo akulira. Nambala yanga anaitseka.

Ine ndinatsala ku Kumasi chaka cha ntchito yoyeserera. Ndasamuka kawiri. Chipinda chimene ndili pano chilibe masitepe, choncho sindimvanso akubwera patali. Ndimangomva beseni likutulidwa.

"Baindu. Lachinayi lija silinakwane?"

Ndimawauza kuti Yema sakhala nanenso. Amafunsa kuti ali kuti. Ndimati sindidziwa, ndipo nthawi ino ndimakhala ndikunena zoona.

Sandikhulupirira.