Sajeni Sankakandira Pachabe

Madzulo a tsikulo atelala anakankhanso mbale. Anangotola pang'ono ngati mbalame, n'kunena kuti akhuta.

"Mwayambanso, bambo?" anafunsa mkazi wawo.

"Adokotala, musandiyang'ane ngati ndine galu wanu wa kuntchito. Ndakhuta basi."

Mayiyu anaseka, koma kuseka kwa pakamwa pokha. Panali patapita miyezi m'mimba mwa amuna ake musakuyenda bwino. Anawatengera kwa anzake oyeza zakudya zosayanjana ndi thupi. Kumeneko anawadontheza timadzi pamkono n'kuwabayabaya pang'ono, ndipo pa dontho la mkaka panatupa. Nkhani inathera pomwepo: ndi mkaka. Anausiya. Anasiyanso batala, tiyi n'kumamwa wakuda bii. Koma kupotokola sikunasiye. Chinachake chinkawadya bambowo m'kati, ndipo mkazi wawo, ndi maphunziro ake onse, sankachidziwa dzina.

Kuntchito mayiyu ankamutchula Mayi Agalu, poyamba monyogodola, kenako dzinalo linangomera mizu. Ankafufuza za khansa mu labu ya kuseri kwa chipatala, ndipo funso lake linali limodzi: kodi galu angamve fungo la khansa m'thukuta la munthu, makina asanaione? Munthu ankagona ndi kansalu pamimba usiku umodzi, kansaluko n'kukatsekera m'botolo lakuda lokhala ndi timabowo pachivundikiro. Mabotolo a odwala ankasakanizidwa ndi a anthu athanzi ku ofesi ina, kuti ngakhale mayiyu asadziwe mwini wake. Odwala sankasowa. Ovuta kupeza anali athanzi, choncho antchito ankatenga tinsalu n'kukagawira abale awo kunyumba.

Wonunkhiza anali Sajeni, galu wamkulu amene anapuma kupolisi atavulala mwendo wakumbuyo. Ankayenda motsimphina pamzere wa mabotolo, akamva khansa n'kukhala pansi, n'kuyamba kukanda. Mnzawo wa kuntchito, wokhala kuseri kwa galasi ndi mndandanda wa mabotolo, akagwedeza mutu kuvomereza, Sajeni ankalandira mpira wake wofiira. Mpirawo ankaukonda kuposa nyama.

Koma panali botolo limodzi la m'gulu la athanzi limene linamupusitsa. Nthawi iliyonse akalipeza ankakhala, n'kukanda, n'kuyang'ana mayiyu m'maso.

"Ayi, Sajeni," ankatero mayiyu, mpira n'kuubweza m'thumba.

Analisuntha botololo, analitsuka kunja, analibisa pakati pa ena. Zomwezo. Mapeto ake analikulunga tepi yofiira, ndipo akuluakulu anagamula kuti galu woopseza anthu athanzi sangadalirike: wakalamba, akulota ali maso. Sajeni anafa mvula itangoyamba, n'kuikidwa kuseri kwa labu pafupi ndi mpanda. Kafukufuku anatsekedwa. M'mawa mwake mabotolo onse amayenera kupita kung'anjo ya chipatala, ndiye chifukwa chake usiku umenewo mayiyu anasiya amuna ake patebulo n'kupita kukalongedza.

Anafika kukuwaza mvula. Mlonda anamutsegulira geti atadzikuta chikhoti.

"Usiku uno, amayi? Muli nokha?"

"Ndili ndi makatoni, madala. Saluma."

Mlondayo sanaseke. Anayang'ana chakumpanda, n'kutsekanso geti.

M'labu munali zii. Mayiyu anatulutsa mabotolo m'firiji n'kuyamba kuwaika m'makatoni. Lamba wa Sajeni anali akadali pamsomali. Mbale yake ya madzi inali pakona, youma. Mpira unali m'thumba la gauni yake yoyera, momwe unkakhala masiku onse, ndipo sanafune kuukhudza.

Atatseka katoni yomaliza, magetsi anazima.

Anaima kudikira jenereta. Siinalire. Kunja mvula inakula. Anayatsa tochi ya pafoni, ndipo ndi pamene anamva.

Ti, ti, ti, khwee.

Zinkachokera kumapeto kwa khonde.

Ti, ti, ti, khwee.

Zikhadabo pasimenti. Mapazi atatu, lachinayi lokhwekhwereza.

Anadziuza kuti ndi galu wa m'misewu wothawa mvula. Koma chitseko cha panja anachikiya yekha, kiyi ali m'dzanja lake.

"Madala?" anaitana. Mawu anatuluka ngati a mwana.

Mapaziwo anafika pakhomo la chipindacho n'kuima. Kenako linalowa fungo, fungo lija la ubweya wonyowa limene ankadandaula nalo nyengo iliyonse ya mvula. Anaunika pakhomo. Panalibe kanthu. Anaunika pansi. Pasimenti panali mapazi amadzi, atatu ooneka bwino, ndi kamzere kokhwekhwereza pambali.

Akuyang'ana choncho, phazi lina linaoneka patsogolo pa enawo. Kenako lina.

Mapaziwo anamudutsa pafupi, moti anamva mpweya wofunda pabondo. Anapita pamzere wa makatoni monga Sajeni ankachitira pantchito, mosafulumira. Katoni yoyamba, anapitirira. Yachiwiri, anapitirira. Pa ya pakona anaima. Pansi panafalikira chinyontho chachikulu, ngati pamene pakhala chinthu cholemera.

Kwee. Kwee. Kwee.

Katoniyo inkagwedera. Pambali pake panayamba kuoneka mizere ya zikhadabo.

Mantha anali pomwepo, koma pansi pa manthawo panali chizolowezi cha zaka zambiri. Galu akakhala, umapita kukaona. Mayiyu anagwada n'kung'amba katoniyo. Kukanda kunasiya. Pamwamba penipeni panali botolo la tepi yofiira.

"Sajeni," ananong'ona, "ili ndi la munthu wathanzi."

Kwee.

Lamulo loyamba la labuyo linali lakuti wofufuza satsegula botolo. Analitsegula. Anatulutsa kansalu n'kukaunika.

Tinsalu ta mu labu ankangodula ndi sizasi, m'mphepete muli ulusi lendelende. Aka kanali kopindidwa mbali zonse, makona ali bwinobwino, msoko wake waung'ono ndi wowongoka, wa ulusi wabuluu. Mayiyu anakhala pansi pasimenti yozizirayo. Padziko lonse ankadziwa munthu mmodzi yekha amene sakanagona ndi nsalu yosapinda. Anakumbuka tsiku limene anabwera nako kunyumba, kale, m'mimba mwa amuna ake musanayambe n'komwe kuvuta, iye akunena kuti, "Inu ndinu athanzi ngati ng'ombe, tithandizeni." Anakumbukanso yankho la bambowo: "Nsanza yoyoyoka chonchi pathupi la telala? Anthu amve kuti chiyani?"

Magetsi anayaka. M'chipindamo munalibe galu. Mapazi okha ndi amene ankauma pang'onopang'ono.

Anatuluka akuthamanga, botolo m'manja. Pageti mlonda anali ataima kale, tochi m'manja.

"Mwamumva, eti amayi? Sabata yonseyi wakhala akukanda pachitseko chanucho. Ine ndimaopa kunena, angati madala ayamba kumwa pantchito."

"Madala, makatoni aja asachoke. Wina akabwera m'mawa, muuzeni kuti ndakaniza ine."

Kunyumba anapeza nyale ikuyaka, makina osokera akulira. Atelala anadzidzimuka n'kubisa chimene amasoka kumbuyo, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Mayiyu anachilanda. Inali thalauza lawo la kutchalitchi. Analitembenuza, ndipo m'chiuno anapeza misoko ingapo, wina kuseri kwa unzake. Bambowo ankaonda, n'kumabweza mathalauza awo usiku kuti pasaoneke kukhwepa. Mkazi wa munthu wina akanaona lamba akusuntha bowo. Mkazi wa telala sanaone kanthu.

"Bambo, mwandibisira izi?" Misozi inali ikutsika.

"Munali ndi maliro a galu wanu, amayi, ndi ntchito ikutha. Ndikanawonjezera katundu?"

"Kukacha tikupita kuchipatala."

"Ndili ndi madiresi a ukwati wa Loweruka. Tipite sabata yamawa."

"Pakadafunda padajiwitsa galu. Madiresiwo akwati avale osapinda."

Atelala anayang'ana kansalu kamene mkazi wawo anawaikira pamakina. Anakazindikira msoko. Sanatsutsenso.

Anawaunika m'matumbo ndi kachipangizo kokhala ndi kamera, ndipo anachipeza: chotupa chaching'ono, chobisala pokhota. Inali khansa. Za mkaka zija sizinali zabodza, thupi lawo linkadana nawodi, koma mkakawo ndi umene unaphimba aliyense m'maso. Dokotala wa opaleshoni, mayi wosakonda kuseka, anavula magalasi n'kuyang'ana Mayi Agalu.

"Sichinafalikire. Tichichotsa chonse. Koma zoterezi zimatifika mochedwa, mwadziwa bwanji?"

"Watiuza mnzathu wina wa kuntchito."

"Ndimufuna ameneyo."

"Anapuma," anatero mayiyu.

Opaleshoni inayenda bwino. Atelala atatsitsimuka, chinthu choyamba anapempha kuona bala, n'kudandaula kuti msoko wake ndi wokhota. Wodi yonse inafa nacho chiseko, ndipo mkazi wawo anaseka mpaka kulira, ulendo uno kuchokera pansi pa mtima.

Mabotolo sanapite kung'anjo. Mayiyu anaima pamaso pa akuluakulu aja, n'kuika patebulo botolo la tepi yofiira pambali pa zotsatira za kuchipatala. Sananene za mapazi. Anangoti galu amene munati akulota anamva khansa wodwalayo asanamve kupweteka kulikonse, ndipo kulakwa kumodzi kumene tinamuwerengera kunali kwathu. Amene anagamula zotseka anayang'ana pansi, kenako ndi yemweyo amene anayamba kuomba m'manja. Kafukufuku anatsegulidwanso. Kunabwera tiagalu tatsopano tophunzira, ndipo panakhazikitsidwa lamulo lakuti galu akakhalira botolo la munthu wathanzi, munthuyo aitanidwe akayezedwe. Chaka chisanathe, lamulolo linali litapulumutsa anthu ena amene ankadziyesa abwinobwino. Kunyumba nako makina ankalirabe usiku, koma tsopano atelala ankamasula misoko ija umodziumodzi, chifukwa mimba inali itabwerera ndi chiwongoladzanja.

Za usiku uja zinayenda m'makonde a chipatala monong'ona. Ena ankati mayiyu anangotopa, maso n'kumupusitsa. Ena ankati ndi makoswe anakanda katoni. Mlonda akamva zimenezo ankangopukusa mutu.

"Makoswe otsimphina? Galu wamkota sakandira pachabe, inu."

Koma anauza mayiyu kuti kukandako sikunathe. Usiku uliwonse kunkamvekabe pachitseko, pang'onopang'ono, ngati wina amene akudikira chake.

Mayiyu anamvetsa. Tsiku lina anatsalira onse ataweruka. Kutada anazimitsa magetsi yekha, n'kuima pakhomo la chipinda chija, khonde lili bii kutsogolo kwake. Sanadikire nthawi yaitali.

Ti, ti, ti, khwee.

Mapaziwo anaima patsogolo pake. Anapisa m'thumba la gauni n'kutulutsa mpira wofiira, umene anaubweza kambirimbiri pamaso pa galuyo.

"Wakhoza, Sajeni," anatero. "Unakhoza kuyambira kale. Tenga."

Anauponya mumdimamo. Anadikira kuti aumve ukugunda pansi.

Sunagunde.

Anangomva zikhadabo zikuthamanga kulowera kumapeto kwa khonde, mapazi anayi onse, popanda lokhwekhwereza.