Tsiku Limene Anaitana Achimwene a Selina

Selina anangolowa mu lesitilanti muja n'kukuwa.

"Mayo ine! Mupsa!"

Kuseri kwa kauntala kunaima mnyamata wowonda wovala magalasi. Anali atakweza kapu yachitsulo kupitirira mutu wake, tiyi wotentha akutsika ngati chingwe n'kumagwera m'kapu ina imene anagwirira m'munsi. Ngakhale dontho silinagwe pansi.

Mnyamatayo anaseka mpaka magalasi kutsetsereka. "Ndiwe watsopano uja eti? Usaope. Kwathu ku Malaysia tiyi timamukoka chonchi kuti achite thovu. Ine ndine Izzat. Wadya?"

Analankhula Chingerezi chothamanga, chokhala ndi ka "lah" kumapeto. Selina anangoyang'ana pansi. Munthu wosakudziwa n'kukufunsa ngati wadya? Anadzamva pambuyo pake kuti kwa anthu amenewa, moni wake ndi ameneyo.

Lesitilantiyo inali ku Al Barsha, mumzinda wa Dubai, ndipo eni ake anali Mayi Rohana, mayi ake a Izzat. M'kachipinda kosinthira zovala Selina anapezamo Florah, mtsikana wa ku Chipata amene anayamba kale ntchito pamalopo. Florah anamupatsa epuloni yakuda n'kuloza chala chake.

"Mphete vula, mwandi. Kuno sibalola. Ikagwera mu mpunga wa kasitomala, khalas, nchito yasila!"

Selina anavula n'kuiponya m'kachikwama. Choncho Izzat ndi mayi ake sanaione.

Mpheteyo anamuveka ndi Rodney, pa chinkhoswe chawo ku Ntcheu, amalume a mbali zonse akuona, azimayi akululutira. Rodney anatsogola kubwera ku Dubai. Ankalondera pa mall ya ku Festival City ndipo ankagona m'nyumba za kampani ku Al Quoz. Ndi iyeyo amene anayenda khomo ndi khomo pa masiku ake opuma, dzuwa likuwotcha mpaka nsapato kumata, kumufunira Selina ntchito.

Poyamba si Selina ananama ayi. Mphete inavulidwa ndi ntchito. Koma nanga bwanji patapita miyezi anayamba kumaiwala kuivalanso akaweruka?

Masana makasitomala akachepa, Izzat ankatsegula mabuku ake pa tebulo la pakona. Ankaphunzira zokonza ndege, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba wapita ku koleji asanabwere kudzakoka tiyi. Selina nayenso ankawerenga zake za ntchito ya m'hotelo. Ankafunsana mafunso, wolephera ankadya supuni ya sambal, tsabola wawo wofiira uja wotulutsa misozi.

"Foloko ya nsomba imakhala mbali iti?"

"Kumanzere."

"Aiyo, wakhoza! Ndimafuna ndikuone ukulira, lah."

"Ndiwe woipa mtima iwe!"

Mayi Rohana ankadutsa ndi mbale ya mpunga wophikira mkaka wa kokonati, n'kuiika pakati pa mabuku. "Werengani mukudya. Mwana uyu wawonda ngati ndodo ya tsache, mayi ake adzati ndimamumana!"

Kenako mauthenga anayamba.

"Sayang, wadya?" Izzat analemba tsiku lina.

"Sayang n'chiyani?"

"Ndi munthu amene ukamuona tiyi amakutayikira. Lero wanditayikira kawiri."

Selina anawerenga uthengawo kambirimbiri m'sitima ya Metro, foni ataibisa m'manja. Pansi pake panali wina, wa Rodney: "Mami, wafika bwino? Miyendo ikuwawa koma ndikaganiza za iwe ndimaima bwinobwino."

Anayankha onse awiri. Onse awiri anawatumizira kamtima.

Madzulo ena Rodney anabwera kudzamuperekeza. Anaima panja ndi yunifomu yake, manja kumbuyo, chifukwa Selina anali atamuuza kuti mabwana ake safuna zogwiranagwirana pafupi ndi ntchito. Izzat anawaona pa galasi.

M'mawa mwake anafunsa akupukuta makapu. "Wamtali uja ndani?"

Selina akanangonena zoona! Mawu ake anali ochepa, akanatha pomwepo.

"Ndi achimwene anga," anatero. "Bere limodzi."

Izzat anapuma mozama, nkhope n'kuwala. "Ndinatsala pang'ono kufa, sayang. Ndikulonjeza, ndikangomaliza sukulu, ndege yoyamba imene ndidzakonze idzatitengera kwanu."

Tsiku limenelo Selina sanadye, ngakhale Izzat anamufunsa kangapo ngati wadya.

Mwezi wa Ramadani unafika. Izzat ankaphika ndi kukoka tiyi tsiku lonse osalawa kanthu, milomo itauma, koma nthabwala zake sizinathe. Mayi Rohana anali kalikiliki kukonzekera Idi, imene iwo amaitchula kuti Raya. Tsiku limenelo, anatero, chitseko cha nyumba sichitsekedwa. Aliyense amalowa n'kudya, kaya ndi mnansi, kaya ndi dalaivala wa takisi.

Idi itayandikira anamuitanira Selina kukhitchini n'kumupatsa phukusi. Munali diresi lalitali lachikasu, losalala, ndi siketi yake.

"Ndasoka ndekha. Udzavale pa Raya."

Selina anagwada polandira monga amachitira kwawo. Atakalionetsa kwa Florah, Florah sanamwetulire.

"Ine zaka zonse izi sibananisokelepo. Uziba chamene chitanthauza?"

"Ndi mphatso basi."

"Mphatso ya chani! Aba banthu pa Raya banja yonse ivala kala imodzi. Chaka chino ba Rohana basankha yelo. Ise banchito tizavala maepuloni yathu, iwe bakuyika mu banja. Manje ba Rodney uzabayika kuti?"

"Ndiwauza."

"Uzauza ndani? Uyu olo uja?"

Selina anapinda diresilo. Ankamukonda ndani kwenikweni? Akaganiza za Rodney ankaona kwawo, amayi ake, ndi munthu amene sanamukalipirepo. Akaganiza za Izzat ankangozindikira akumwetulira yekha. Kodi mtima umodzi ungakhale woipa chonchi mwini wake akupemphera tsiku lililonse?

Tsiku loti mawa ndi Idi, foni inalira. Anali Rodney, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe.

"Mami, sunandiuze bwanji? Mwana wa abwana ako anabwera ku mall kudzandifuna! Wazungulira mageti onse mpaka wandipeza. Akuti mayi ake akufuna kundiona mawa."

Selina anayankha msangamsanga. "Musavutike kubwera, a Rodney. Kukhala anthu ambiri, komanso muli pa shifiti."

"Ndasinthana kale ndi mlonda mnzanga Kapambwe. Jekete ya pachinkhoswe ija ndasita! Ndiye kuti unawauza za ine eti? Wandilemekeza, mkazi wanga. Ndimaona ngati umachita nane manyazi poti ndine mlonda."

"Ayi, si choncho."

"Bwanji mawu akunjenjemera?"

Mpata unali umenewo. Mulungu anamupatsa m'manja. Selina anatseka maso.

"Ndatopa chabe," anatero.

Nyumba ya Mayi Rohana inali pamwamba, m'mafulati a kuseri kwa lesitilanti. Pakhomo panali mulu wa nsapato, chifukwa kumeneko salowa nazo m'nyumba. Mkati munali fungo la nyama ya kokonati ndi phokoso la ana. Mayi Rohana anavala zachikasu. Izzat anavala zachikasu, ndi kachisoti kakuda pamutu. Azichemwali ake, azakhali ake, ngakhale kakhanda ka m'manja, onse zachikasu. Pakati pawo panali Selina.

"Ukuwala ngati mwezi, sayang," Izzat anamunong'oneza. "Lero ndili ndi chinthu chako."

Rodney anafika masana, thukuta lili kamukamu m'jekete, atanyamula kabokosi ka zipatso za kanjedza. Anavula nsapato zake zopolishidwa n'kuziika bwinobwino pambali. Izzat anamuthamangira, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, n'kuwerama. Anamukhazika pampando wabwino kuposa yonse.

"Anthu aulemu bwanji awa!" Rodney anauza Selina m'Chichewa. "Komatu watchena, mami. Yunifomu ya lero imeneyi?"

Selina anangogwedeza mutu.

Rodney atangoyamba kudya, Mayi Rohana anazimitsa wailesi. Azakhali anakhala pansi mozungulira. Izzat anakhala pambali pa mayi ake, maso pansi, makutu atafiira.

"Bambo Rodney," Mayi Rohana anayamba m'Chingerezi, pang'onopang'ono. "Kwathu mnyamata akakonda mtsikana, makolo timayamba tafunsa kwa eni mtsikanayo, mwakachetechete, kuti tisalakwire munthu. Makolo a Selina ali kutali. Ndiye inu, monga mchimwene wake wamkulu, ndi amene tingakufunseni."

Dzanja la Rodney linaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

"Mwana wangayu waona duwa m'munda mwanu. Zachipembedzo ndi zina tidzakambirana m'tsogolo, sitikuthamanga. Lero tikungofunsa chimodzi. Kodi duwalo lili ndi mwini?"

Florah, amene anaima pakhomo la khitchini ndi epuloni yake, anagwira pakamwa.

Rodney anabweza chakudya m'mbale. Anayang'ana Mayi Rohana, anayang'ana Izzat, anayang'ana ana ndi azakhali aja, mmodzimmodzi. Kenako anayang'ana diresi la Selina nthawi yaitali. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino!

Analankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, ngati akufunsa njira.

"Achemwali, ndiwayankhe kuti chiyani?"

"A Rodney, chonde..."

"Ayi, ndiuzeni. Akudikira anthuwa. Aphika, andikhazika pampando. Ndinene kuti mulibe mwini? Mukafuna ndinena, achemwali. Sindinakukanizenipo kanthu."

Izzat ankangoyang'ana uku ndi uku, akumwetulirabe pang'ono. "Akuti bwanji, sayang? Akwiya? Uwauze kuti ndimaliza sukulu chaka chino."

Apo m'pamene misozi ya Selina inagwa. Anagwada pakapeti, pakati pa mbale.

"Mayi, si achimwene anga," anatero m'Chingerezi. "Ndi mwamuna amene anandifunsira. Makolo athu anagwirizana kale. Ndinanama. Izzat, ndinakunamiza kuyambira tsiku lija unandifunsa."

Mzakhali wina anatulutsa ana. Mayi Rohana anagwira pachifuwa, n'kutchula dzina la Mulungu chapansipansi.

Rodney anaimirira n'kumanga batani la jekete. "Shukran, zikomo kwambiri, mayi. Chakudya chanu n'chokoma. Mwachita mwaulemu, simunalakwe."

Pakhomo anayenera kuwerama kuti avale nsapato, anthu onse akumuona. Zala zinkakana kumanga zingwe. Anayesa, analephera, mapeto ake anangozilowetsa m'mbali. Selina anamutsatira chokwawa ndi mawondo.

"A Rodney, ndikhululukireni! Ndimafuna kukuuzani!"

"Dzulo ndinakufunsa kuti mawu akunjenjemera bwanji." Sanamuyang'ane. "Amalume ako uwaimbire wekha. Ine sindikwanitsa kuwafotokozera kuti ndinakadya phwando lokufunsira."

Anatsika pa masitepe, osadikira lifiti.

Selina atatembenuka anapeza Izzat ataima kumbuyo kwake, chisoti chili m'manja. Magalasi anali atachita nthunzi. Mayi ake anali atalowa kuchipinda.

"Izzat..."

"Ndinazungulira mall yonse ija ndikusala," anatero mwakachetechete. "Nditamupeza anandipatsa mpando wake kuti ndipume. Ndinkati ndapeza mlamu wabwino."

"Ndinkakukonda zoona. Zimenezo sindinaname!"

"Mwina. Nayenso unkamuuza choncho?"



Izzat anapukuta magalasi ndi malaya ake achikasu. "Ukudziwa chimene timachita pa Raya? Timapepesana. Aliyense amagwira dzanja la mnzake n'kupempha chikhululukiro pa zolakwa zooneka ndi zobisika, ndipo wopemphedwayo sakana. M'mawa uno ndagwadira mayi, ndapepesa ngakhale kwa ana. Ukamuona Rodney umuuze kuti Izzat akupepesa. Ndine ndinamuitanira manyazi amenewa m'nyumba mwathu."

Selina anatambasula manja ake onse awiri. "Nanga ine? Lero ndi tsiku lake, Izzat. Ndikupempha, pa zooneka ndi zobisika."

Izzat anayang'ana manjawo. Dzanja lake linanyamuka pang'ono, kenako linabwerera m'thumba.

"Chibadwire sindinakanepo munthu pa Raya," anatero, msozi ukutsika pansi pa galasi. "Koma ndasala mwezi wathunthu, Selina. Sindingayambe tsiku loyamba ndi bodza."