Ng'oma Zolira Zokha

Munthu amene anthu anadzamutcha Chiphaliwali anakulira m'banja lopemphera. Bambo ake anali kalipentala, ndipo ndiwo anamusemera timitengo take toyamba toimbira ng'oma. Mayi ake ankatsogolera kwaya, iye n'kumawaimbira ng'oma kumbuyo.

"Mwanangu, wang'oma akasokoneza, tonse tasokonekera," ankatero mayi ake. "Manja akowa ndi mphatso ya Mulungu. Uwasamale."

Atakula analowa bandi ya nyimbo za roki, zija za magitala aphokoso. Tsiku loyamba kuimba pagulu, manja ake ananjenjemera ndi mantha. Wagitala anamupatsira botolo la madzi.

"Imwa, mphwanga."

"Aa, si madzitu awa, achimwene!"

"Iwe, umakhala kumbuyo, akuona ndani? Kungolawa chabe, mantha onse balala!"

Anamwa. Tsiku limenelo anaimba mochititsa kaso, ndipo tsoka lake linayambira pomwepo. Kuchokera apo botolo lija silinkachoka pafupi ndi phazi lake.

Dzina linamveka, bandi inayenda maiko. Tsiku lina bambo ake anamupeza akuyeserera, ndipo ananunkhiza botolo lija.

"Madzi anji onunkha chonchi?"

"Bambo, inu mumadziwa za matabwa. Za nyimbo tisiyireni."

Mwano wake! Bambowo anamwalira asanamve mawu opepesa.

Imvi zitayamba, manja anayambanso kunjenjemera, koma osati ndi mantha. Ankathamangitsa nyimbo, kenako n'kutsalira. Anzake ankafuna kumuchotsa, koma dzina lake ndi limene linkadzazitsa holo. Choncho anamugulira ng'oma zamagetsi, zija sizimveka pokhapokha waya utalumikizidwa. Wayawo anzakewo anauzula mwakabisira, ndipo m'masipika munkamveka ng'oma zojambuliratu za munthu wina. Iye, mutu uli zii ndi mowa, ankangomenya, n'kumati ndi iyeyo. Anthu akaomba m'manja, ankaimirira n'kuwerama. Zamanyazi bwanji!

Kenako bandi inakonza phwando la masana lomulemekeza kuti wakalambira pa ng'oma. Anapita yekha kukaitana mayi ake, amene anali asanamuonepo akuimba roki.

"Amayi, bwerani mudzandimve ngakhale kamodzi kokha."

Anabwera ndi ndodo yawo, nakhala mpando wakutsogolo.

Nyimbo ili pakati, Chiphaliwali anawerama kuti atole botolo lake. Mpando unapendekeka, iye pansi khu! Timitengo tinagubuduka mpaka kugwera kumapazi a anthu. Wagitala anasiya kuimba ndi mantha, woimba nayenso anangoti kukamwa yasa. Koma ng'oma zinapitiriza kulira, mwadongosolo, mosaphonya, mwini wake ali gada pansi.

Holo yonse inafa nacho chiseko. Mafoni anakwera m'mwamba. Iye anamva ng'oma zija zikulira popanda manja ake, ndipo mowa wonse unamuthera m'mutu. Anakwawa n'kukabisala kuseri kwa katani.

Mayi ake anamupeza komweko, kamtengo kamodzi kali m'manja.

"Ndinadziwa pa nyimbo yoyamba kuti si iwe," anatero. "Kaimbidwe kako ndimakadziwa, unakayambira kumbuyo kwanga. Ndinabwera kudzamva mwana wanga, koma sindinamumve."

"Amayi, ndikhululukireni."

"Gwira aka."

Anagwira, koma kamtengo kankangogwedera m'dzanja lake mpaka kanagwa. Analira ngati mwana, mayi ake atamugwira mutu.

Mowa anausiya, koma manja sanabwerere, ndipo palibe bandi imene inamuitananso. Lero amakhala benchi yakumbuyo m'tchalitchi, manja atawapana m'mawondo, wina akuimbira kwaya ng'oma.

Wachinyamata iwe, wina akakuuza kuti imwa, palibe akukuona, kana. Mowa umadya mphatso yako mwakachetechete, ndipo iwe mwini umakhala womalizira kudziwa kuti inatha kalekale.