Masheya a Mayi Yunitsi

Pamphambano ya msewu wopita kumsika panali katebulo kotsimphina mwendo umodzi, ndipo pakatebulopo pankakhala mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti Mayi Yunitsi. Kale makadi a mayunitsi ankamudyetsa bwino. Koma anthu atazolowera kugula mayunitsi pafoni pawo pomwe, makasitomala anayamba kumudutsa ngati chitsa. Masiku ena ankaweruka ndi ndalama zosakwana ngakhale sopo. Mwamuna wake anali wowotcherera mageti, munthu wanthabwala, wokonda kuimba akamagwira ntchito, koma magetsi akazima ntchitonso inkaima. Mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana, anali kukoleji ya uphunzitsi, ndipo fizi yake inkachita kupemphetsedwa kwa abale.

Chimene chinkamudya mtima kwambiri anali mng'ono wake. Mwamuna wa mng'ono wakeyo atachotsedwa ntchito, anatenga ndalama zonse zomutsanzikira n'kugula masheya a kampani yaikulu ya mafoni, yomweyo imene makadi ake Mayi Yunitsi ankapsa nawo padzuwa. Abale anamuseka kuti wagula mphepo. Koma masheyawo anakwera mtengo, ndipo kampani inkamugawira phindu iye atangokhala pakhonde.

"Achemwali, inunso mugule, ngakhale ochepa," mng'ono wakeyo ankatero akuseweretsa makiyi a galimoto. "Munthu akangoti 'halo', kwathu kwagwa kenakake."

"Ndigule ndi chiyani, mano?" Mayi Yunitsi ankayankha akuseka, koma nsanje ikumudya.

Mayi wina wogulitsa nsapato pafupi naye ndiye anamunong'oneza za sing'anga wokhala pamwamba pa shopu ya zipangizo za galimoto. Anapitako masana dzuwa likuswa mtengo. Sanapeze nsupa kapena zikopa. Anapeza bambo wovala malaya ositidwa bwino, chipinda chosesedwa, ndi fani yozungulira pang'onopang'ono.

"Mwabwerera masheya," anatero bamboyo asanafunsidwe. "Ikani foni yanu apa."

Anavula foniyo chikuto, n'kumata kumbuyo kwake kachithumwa kakuda, kakang'ono ngati chikhadabo.

"Ikatentha m'thumba, gulani. Ikazizira, gulitsani. Simudzaphonya."

"Nanga ndipereke zingati, bambo?"

"Ndalama zanu ndikatani nazo? Kampaniyo imalemera ndi mawu a anthu. Inenso chimodzimodzi. Nthawi iliyonse phindu logawidwa ndi kampani likalowa, woyamba kukuimbirani mumuyankhe, koma inu musalankhule. Mumusiye alankhule yekha mpaka amalize."

"Akamaliza?"

"Wamaliza basi."

Mayi Yunitsi anafunsanso: "Nanga ndikapanda kuyankha?"

"Ndiye kuti sinditenga mawu okha. Nditenga ndi mwini wake yemwe." Anamubwezera foni akumwetulira. "Musaope, mayi. Okuimbirani ndi ambiri. Ena amachita kuphonya nambala."

Potsika masitepe, Mayi Yunitsi anali atasankha kale. Anati tsikulo likadzafika adzauza mlamu wake wa masheya uja kuti amuimbire. Amalankhulitsa, apumeko.

Anagulitsa wailesi, katebulo ndi makadi otsala, n'kukatsegula akaunti kuofesi ya ogulitsa masheya. Foni inatentha, iye anagula. Inazizira, anagulitsa, ndipo mawa lake mtengo unagwa. Inatenthanso. Pasanapite nthawi, kalaliki amene poyamba ankamuyang'ana kumapazi anayamba kumukokera mpando. Anasamukira m'nyumba ya matailosi. Fizi analipira yonse pakamodzi.

Tsiku limene uthenga wa phindu unalowa, anatumiza mawu kwa mlamu wake kuti amuimbire msanga. Foni inalira. Anayankha osayang'ana n'komwe.

"Mayi a mwana, ndine," anali mwamuna wake. "Ndapeza kontrakiti ya mawindo a sukulu yonse! Lero usaphike, ndikubweretsera ndiwo ine mwini. Ukundimva? Netiweki yako imeneyo, kampani yako yomwe!" Anaseka, n'kudula.

Madzulo mwamunayo anamubweretsa anzake a kuntchito atamugwira mkono. Pakamwa pankatseguka, koma sipankatuluka ngakhale kubuula. Madokotala anaunika kukhosi, anajambula mutu, sanapeze chilichonse. Kontrakiti anapatsidwa wina. Mwamunayo ankangokhala pampando wofewa watsopano, akusisita pakhosi.

Mayi Yunitsi anachotsa simu n'kuithyola. Anayesa kukanganula kachithumwa ndi mpeni, koma kanali katalowerera m'foni ngati chipsera. Anaponya foniyo m'ngalande, koma pofika kunyumba anaipeza m'chikwama, youma. Anauza abale onse kuti asamamuimbire, azingobwera. Iwo anati chuma chamukweza mapewa.

Phindu lachiwiri linalowa iye ali kukhitchini. Foni yopanda simuyo inalira, ndipo pagalasi panaoneka dzina la mayi ake omubereka. Anaiyang'ana ikunjenjemera patebulo, akukumbukira mawu a sing'anga, mpaka anadina.

"Mwanangu, wandiletsa kuimba, koma mtima wakana. Ndangofuna kumva ngati apongozi anga akupezako bwino. Usatope naye, wamva? Ukhale naye pafupi."

Mawa lake abale anabwera nawo mayi akewo, ali duu ngati mkamwini wawo.

Mayi Yunitsi anathamangira kuofesi ya masheya. "Gulitsani onse, lero lomwe!"

"Mayi, mtengo ukukwera chonchi?" anadabwa kalaliki. "Chabwino, koma phindu lotsatira lalengezedwa kale m'dzina lanu. Limenelo lilowa basi, sitingalibweze."

Anakwera masitepe aja, n'kugwada pamaso pa sing'anga.

"Bambo, tengani nyumba. Tengani mawu anga omwe."

"Anuwo ndi ofunika kuti mudziwe chimene anzanu akusowa," anatero iye akukonza kolala. "Masheya amagulitsidwa, mayi. Pangano silikhala pamsika."

"Ndatsala ndi mwana mmodzi yekha!"

"Ndikudziwa."

Anakwera basi kupita kukoleji kuti akalande foni ya mwana wakeyo ndi manja ake. Basi inafa panjira, pamalo opanda nyumba. Anthu anatsika n'kukhala m'mbali mwa msewu, akudikira makaniko. Ali pomwepo, uthenga wa phindu unalowa. Anapempha mnyamata wa basi, anapempha mayi woyandikana naye, akugwira anthu malaya: "Ndiimbireni, chonde, ndikupatsani chilichonse!" Anthu anamutalikira, akumuyesa wozungulira mutu. Mmodzi anamumvera chisoni n'kuyamba kufunsa nambala, koma foni inali italira kale.

Anali mwana wake.

Akayankha, mwanayo sadzaimanso kutsogolo kwa kalasi. Akapanda kuyankha, adzamuika m'manda. Foni inkalirabe. Anadina, ndipo anayesa kukuwa kuti mwanayo akhale chete, koma lilime linauma gwaa.

"Amayi, pepani, ndikudziwa munandiletsa, koma sindikanatha kudikira. Ndakhoza! Lero andipatsa kalasi yangayanga pasukulu ya pakoleji pano, tiana tambirimbiri, tonse tikuti 'aphunzitsi, aphunzitsi'. Muwauze ababa, mwina aseka. Amayi? Bwanji simukuyankha? Chabwino, ndiimbanso."

Sanaimbenso.

Ndalama zonse zinathera m'zipatala ndi kwa ena olonjeza kumasula zomangidwa. Nyumba ya matailosi inagulitsidwa. Sing'anga uja anasamuka, ndipo m'chipinda chake munalowa telala amene sankadziwa kanthu. Mng'ono wake uja ndiye anatenga odwala atatuwo kukawasunga, chifukwa Mayi Yunitsi sankathanso kukhala nawo patebulo limodzi: onse ankamuyang'ana mwachifundo, osadziwa chimene anachita, ndipo mwana wake ankamupukuta misozi.

Lero Mayi Yunitsi ali kuchipatala cha odwala misala. Amatseka makutu ndi thonje, ndipo foni ya namwino ikalira amakwawira pansi pa bedi, akuchonderera kuti asayankhe.

Chuma chothamangira chimadya a m'nyumba mwako. Umphawi umawawa, koma wosauka amene ali ndi womuyankha akaitana sanasauke konse. Ukaona mnzako akukolola, funsa mmene anadikirira; usapite kukagula njira yachidule kwa munthu amene akukana ndalama zako, pakuti ameneyo waona kale china chimene akufuna.