Kadontho ka Mvula ka ku Namba Naini

Madzulo a Lachinayi lija ndinafika kunyumba fumbi lili mbuu mpaka m'makutu. Novembala anali kumapeto, koma mvula inali isanagwe ngakhale yongonyowetsa nkhuku. Ndinasamba madzi a m'kabeseni kamodzi n'kukhala pakhonde ndi laputopu yanga.

Dzina langa ndine Josiah Nakhumwa. Masana ndine kalaliki wa pa sikelo ku esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndimayeza masamba amene anthu athyola. Madzulo ndimalemba mapulogalamu a kompyuta. Palibe anandituma, palibenso amandiyamika. Ndinaphunzira ndekha poonera mavidiyo pa foni. Laputopuyo ndi yakale, batire inafa, ndipo mkazi wanga Esnat amaitchula kuti mkazi mnzake.

Pulogalamu imene ndinkanyadira ndinaitcha Yagwa Kuti. Inkatenga ulosi wa nyengo pa intaneti n'kuuika pa mapu a dera lathu, kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Masambanjati. Koma ulosi umanama, choncho ndinagawira alimi makumi awiri ndi atatu zitini zolembedwa mizere. Mvula ikagwa, munthu ankayang'ana m'chitini n'kutumiza nambala pa foni, ndipo pa mapu pankaoneka kadontho kabuluu pamene pali munda wake.

Mwezi wonsewo mapu anali oyera ngati mbale yotsukidwa. Kupatula malo amodzi.

Usiku uliwonse, nthawi ya 1:40, kadontho kankatulukira pakati pa munda wa tiyi umene timautcha Namba Naini. Nambala yake sinkasintha: 0.5. Pa dzina la wotumiza panalibe kanthu. Ku Namba Naini kulibe nyumba, ndipo sindinapatseko munthu chitini kumeneko.

Ndinakafufuta, kanabwerera. Ndinasintha pasiwedi, kanabwerera. Ndinawerenga khodi yonse ya pulogalamuyo mzere ndi mzere mpaka maso kuwawa, cholakwika osachipeza. Usiku wina ndinazimitsa pulogalamu yonse. M'mawa nditayatsa, ndinakapeza kali pompo, ngati mlendo amene wafika iwe uli kuchimbudzi.

Tsono madzulo a Lachinayiwo foni inalira. Anali a Jeremiya, amalume ake a Esnat, ndipo uthenga wawo wa mawu anautumiza pa gulu la alimi onse kuti aliyense amve.

"Akamwini, taona mapu anu. Mvula ikugwa kuntchito kwanu kokha, usiku, ife tili mtulo. Kuno ku Kapichi ngakhale mbuzi zikutsokomola fumbi. Mwaikhotetsa ndi makina anuwo. Ikapanda kugwa pofika Lamlungu, tibwera kudzaiona laputopuyo."

Ndinaseka, koma nkhaniyi sinali yoseketsa. Kuno munthu akanenedwa kuti wamanga mvula, nyumba yake sichedwa kusanduka phulusa. Nanga kuli bwanji mkamwini, wokhala pa dothi la eni ake?

"Mayi a Jean," ndinaitana Esnat, "usiku uno ndipita ku Namba Naini ndikaone chimene chikutumiza nambala."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Wani koloko ya usiku?"

"Ndi nthawi imene kadonthoko kamabwera."

"Kadontho." Anapukuta manja pachitenje pang'onopang'ono. "Kadontho kopanda dzina, kobwera usiku wokhawokha, ndipo mukakafufuta kamabweranso. A bambo a Jean, ine sindinabadwe dzulo. Kadontho kameneko kamavala siketi. Tipitira limodzi."

Tinanyamuka itangokwana thwelofu. Ine ndinatenga foni ndi tochi. Esnat anatenga ambulera wamkulu wa chogwirira chachitsulo, ndipo sanabise kuti sanamutengere mvula.

Kunja kunali nyenyezi zokhazokha. Tinadutsa m'mabulugamu, tinawoloka kamtsinje kouma, n'kulowa m'tiyi. Usiku tiyi amaoneka ngati bulangete lakuda loyalidwa pa mapiri onse. Kunalibe mphepo. Fumbi la m'njira linkalowa m'mapatapata.

Pa mapu kachizindikiro kosonyeza pamene ife tinali kankasendera ku Namba Naini. Mamita mazana asanu. Mazana atatu.

"Ndi wa ku fakitale?" Esnat anafunsa. "Kapena uja wogulitsa mapeyala pa Bvumbwe, woseka ngati wameza wailesi?"

"Tatsitsani mawu."

"Mukuopa kuti athawa?"

Mamita zana. Nkhululu zimene zinkalira njira yonse zinangoti zii. Ndinayang'ana nthawi: 1:38.

Kenako ndinamva fungo. Fungo lija la dothi likangolawa mvula yoyamba. Esnat nayenso analimva, chifukwa anasiya kulankhula. Chinthu chimenechi sichichitika kawirikawiri.

Tinayenda pang'ono. Phazi langa linaponda matope.

Ndinawalitsa tochi. Kumbuyo kwanga fumbi. Kutsogolo kwanga masamba a tiyi akudontha, tho, tho, tho. Malo onyowawo anali ozungulira, kukula kwake ngati bwalo la nyumba. M'kati mwake mvula inkagwa mowongoka, yabwinobwino, yodzalira chimanga. Ndinayang'ana kumwamba. Nyenyezi zinali ngwee, kopanda ngakhale kamtambo.

Pakati penipeni panali munthu atanjuta.

Anali mkulu wokalamba, wovala chikhoti cha mvula chachikasu ndi chipewa chakugwa makutu. Patsogolo pake panali chitini chamkuwa chokhala ndi fanelo, chozikika pansi. Ankathira madzi a m'chitinicho m'kagalasi kakatali, n'kukakweza m'mwamba ngati akufuna kuwerenga ndi kuwala kwa nyenyezi.

Foni inanjenjemera m'dzanja langa. 1:40. Kadontho kabuluu. 0.5.

Esnat anatsitsa ambulera. Ndinamumva akupuma ngati munthu wokhumudwa.

"Ndi bambo," ananong'ona.

"Odi," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mbuzi.

Mkuluyo anatipatsa moni m'Chilomwe chakale, chija ankalankhula agogo anga aamuna, osatembenuka n'komwe. Analemba kanthu m'buku lalikulu la chikuto chakuda. Atatha anatsekera pensulo m'bukumo n'kundiyang'ana.

"Ndinu mwini wake wa mapu aja?"

"Ndine, bambo."

"Ndimakufunani." Anaimirira pang'onopang'ono. "Ine ndikalemba hafu inchi, inu mumalemba hafu milimita. Hafu inchi ndi hafu milimita n'zofanana?"

"Ayi, bambo."

"Hafu milimita ndi mkodzo wa chule. Zaka makumi anayi ndikuyeza mvula pano, palibe bwana anandibwezerapo buku. Lero mwana wa dzulo akundinamizira pamaso pa anthu."

"Pepani, pulogalamuyo imangodziwa mamilimita. Ndikhoza kuwonjezera..."

"Chachiwiri. Amene amafufuta nambala zanga ndani?"

Ndinayang'ana kumbali. Esnat, mkazi amene ndinalumbira naye kutchalitchi, anandiloza ndi ambulera.

"Chachitatu," mkuluyo anapitiriza, "mapu anuwo ndi abodza. Njira yopita ku ofesi imadutsa apa, pafupi ndi mkuyu. Inu simunaiike."

Ndinadziwa kuti pamalopo palibe mkuyu. Pali chitsa chowola chimene othyola tiyi amakhalapo akamadya chinangwa. Koma sindinatsutse. Ndinangofunsa funso limene linandisowetsa tulo milungu itatu.

"Bambo, nambalazi mumatumiza ndi foni yanji?"

"Foni?" Anakweza buku lija. "Ndimalemba umu. Zikafika bwanji kwa inu ndi ntchito yanu."

Apa Esnat anagwada pang'ono, mwaulemu wake wonse, mvula ikumugwera pamutu.

"Agogo, poti mvula muli nayo, simungatigawireko ku Kapichi? Mbewu tinagula kale, zikungodyedwa ndi anankafumbwe. Anthu akufuna kuotcha nyumba yathu chifukwa cha bambowa ndi zidole zawozi."

"Mayi, ine sindigwetsa mvula. Ndimangoyeza. Pamene pali chitinichi ndiyenera kupezapo choyeza, basi."

Anawerama kuti atenge kagalasi kake. Tochi yanga inali pamsana pake, ndipo ndinaona masamba a tiyi amene anali kuseri kwake. Sindikunena kuti m'mbali mwake. Ndinawaona kudzera m'chikhotimo, ngati mmene umaonera bwalo kudzera pa katani wakutha. Ndinatsitsa tochi. Matope onse ozungulira chitini anali osalala, opanda phazi ngakhale limodzi. Mvula inkamenya masamba, inkamenya ife, koma pa chipewa chake sinkalira.

Esnat ananditsina pantchafu mpaka ndinaona nyenyezi zina zowonjezera.

"Tapita, agogo," anatero mokoma. "Mugwire bwino ntchito."

Tinabwerera chambuyo masitepe atatu. Mkuluyo anatembenuka kuyang'ana kumene kunali mkuyu wake. Ndinangomva kuti fwaa, Esnat wadumphira kutsogolo, kenako wandidutsa ngati njinga yamoto.

"Thawani!"

Ndinathawa. Aliyense amene anayesapo kuthamanga m'tiyi akudziwa kuti tiyi salola. Amakugwira m'chiuno, amakukola miyendo. Patapata limodzi linatsala komweko. Tochi inagwa. Foni inazima yokha ngakhale inali ndi moto wokwanira. Ndipo mvula ija inkatitsatira. Tikakhotera kumanzere, nayo kumanzere. Tikaima, nayo n'kuima pamutu pathu. Kumbuyo, osati patali, tinkamva mawu odekha a munthu wosathamanga.

"Sindinamalize kuyeza."

"Mayi a Jean, bwanji ikutilondola?"

"Thamangani, mafunso kunyumba!"

Mizere ya tiyi imafanana yonse. Tinazungulira, tinagwa, tinadzuka, tinakangana za kumene kuli kum'mawa. Mawu aja anasiya tambala woyamba atalira, mvula nayo inaleka. Tinakhala pansi pa mtengo wina kudikira kuti kuyere.

Anatipeza ndi othyola tiyi, madengu ali kumsana, kapitawo wawo a Ben ali patsogolo. Taganizani mmene tinkaonekera. Dziko lonse lili gwaa, anthu akupempherera mvula m'matchalitchi onse, ndiye kalaliki amene akunenedwa kuti wamanga mvula wapezeka m'bandakucha pakati pa munda, iye ndi mkazi wake atanyowa chonyowa, madzi akuchucha m'makutu, ambulera ali m'manja.

Palibe anapereka moni.

"A Nakhumwa," a Ben anatero potsiriza, "mvulayi mumaisungira kuno?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za mamilimita. Esnat anandiposa. Anamasula chitenje n'kutulutsa chitini chamkuwa chija, fanelo ndi zonse. Ndi pamene ndinadziwa chimene anadumphira kutsogolo, ndi chimene mvula inkatitsatirira usiku wonse.

Mayi wina wachikulire, a Marita, anatula dengu pansi n'kugwira pakamwa.

"Ichi n'cha a Mulaviwa," ananong'ona. "Ankayeza mvula ku Namba Naini ine ndili mtsikana. Tinawaika m'manda ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, amene pano ali ndi zidzukulu."

Pofika masana nkhani inali itafika ku Masambanjati. Ena ankati a Mulaviwa anamwalira ali pa tchuthi, ndiye palibe anawauza kuti ntchito inatha. Ena ankati ku ofesi anaiwala kuwalanda buku. A Jeremiya sanadikire Lamlungu, anafika Lachisanu lomwelo ndi anthu asanu ndi mmodzi, wina atanyamula mpini wopanda khasu. Esnat anawalandira pabwalo, chitini chili m'manja.

"Amalume, laputopu ilibe mlandu. Tengani ichi mukachizike m'munda mwanu. Mawa mubwere mudzatiotche ngati mukufunabe."

M'mawa mwake a Jeremiya anabwera okha, maso ali psuu. Pakati pa munda wawo panali ponyowa, pozungulira bwinobwino. Koma anati kuyambira wani koloko munthu wina anaima pawindo lawo n'kumawafunsa chifukwa chimene anazikira chitini chopendekeka, ndipo sanachoke mpaka iwo anatuluka ndi kabudula wamkati kukachiwongola.

Mvula yeniyeni inagwa Lachiwiri, dera lonse, monga mmene ulosi wa pa intaneti unanenera. Palibe anayamika intaneti.

Tinayesa kubweza chitinicho ku esiteti, koma a Ben anati m'mabuku a kampani mulibe katundu wotero, ndipo alonda ananena kuti chikabwerera iwo asiya ntchito. Kuchitaya palibe akufuna, chifukwa Januwale amakonda kuchita ng'amba. Choncho chimayenda nyumba ndi nyumba, sabata imodzi imodzi. Masana aliyense amati sakhulupirira zimenezo. Madzulo amene chili kwake amasesa pabwalo n'kuika mpando panja.

Sabata ino ndi yathu. Esnat, mwini wake wa nzeru zonsezi, watenga Jean n'kupita kwa mchemwali wake ku Masambanjati, akuti kuli maliro a munthu amene dzina lake waliiwala. Ndatsala ndekha. Ndakhoma chitseko, ndatchingirako ndi tebulo, ndipo ndikulemba izi kuti manja apeze chochita.

Nthawi ili 1:36. Kwa aneba agalu asiya kuuwa. Pa malata athu payamba kulira, tho, tho, tho.